Kalaliki Wolandira Mphamba ku Luwawa

Lolemba

Ntchito yayamba! Kuyambira lero ndine kalaliki wolandira mphamba.

Ndilembe chiyambi chake ndisanaiwale. Wezi, mwana wanga yemwe ali pa unamwino ku Ulaya, watumiza kanema pafoni ya amayi ake. Anthu akuluakulu, ena aimvi ngati ine, akhala pamipando pamwamba pa phiri, makosi chagada, kuwerenga mbalame zolusa zomwe zikuthawa chisanu kulowera kuno kwathu. Akuti amatero chaka ndi chaka masamba akayamba kuyoyoka, ndipo iye amapita nawo akapuma kuntchito. Zawo zinadutsa kalekale. Pano zili pafupi kufika.

Funso langa limodzi lokha: nanga kuno amazilandira ndani?

Yankho lake: "Kaya, adadi."

Manyazi bwanji! Zaka zonse zomwe ndagwira ukalaliki kumacheka ku Chikangawa, palibe lole ya matabwa yomwe inatuluka popanda wina kukasayina kuti yafika. Katundu wowerengedwa ponyamuka amawerengedwanso pofika. Basi.

Ndamulonjeza lipoti lonse Lamulungu akaimba. Chipumire pantchito, iye akaimba ine ndimangoti "tili bwino kuno," kenako foni yapita kwa amayi ake mpaka batire kutha. Sabata ino nkhani ikhala kwa ine.

Zida:
- choonera patali chomwe Wezi anatumiza chaka chatha (mpaka pano ndangoonera mwezi ndi mbuzi za eni)
- kabuku ndi mapensulo awiri
- kampando
- chipewa
- mbatata yootcha, tiyi m'fulasiki
- luso

Malo: chitunda cha kuseri kwa nyumba, pomwe anadula paini n'kusiya zitsa zokhazokha. Damu la Luwawa lili pansi apo, phee. Thambo lonse ndi langa.

Mkazi wanga NyaShaba, pondiona ndikunyamuka ndi kampando paphewa: "Adada ake Wezi, mbalamezo zakuitanani?"

Ndangopitirira. Munthu wa kafukufuku sayankha zilizonse.

Zotsatira za lero:
- akhwangwala: ambiri, koma ndi akonkuno
- anamzeze: sakhazikika, sindingalimbane nawo
- chiwombankhanga chachikulu chakuda, chouluka mwaulemu kuchokera kumpoto. Ndalemba msangamsanga. Chakodwa pa nthambi. Ndi jumbo. Ndafufuta.
- mphamba za ku Ulaya: 0

Palibe chodandaulitsa. Lole ikachedwa sikuti yagwa, imakhala ili m'njira.

Khosi lauma ngati thabwa.

Lachiwiri

Ndapeza wothandiza yemwe sindinamupemphe: mlamu wanga a Shaba, mlongo wake wa NyaShaba. Afika pachitunda ndi legeni m'khosi, miyala yodzaza thumba.

Ndawafotokozera kuti sitikulasa, tikuwerenga.

"Mukawerenga mbwenu muzitani nazo, mlamu?"

Ndawauza kuti tilemba.

"Mukalemba mbwenu?"

Ndawapatsa mbatata kuti pakamwa patanganidwe.

Vuto loyamba la ntchito: mlendo ndi wakonkuno umawasiyanitsa bwanji? Kumacheka thabwa lililonse linali ndi chizindikiro cha choko. Mbalame zilibe. Ndakhazikitsa lamulo langa: yochokera kumpoto ndi mlendo, yochokera kwina kulikonse ndi yakonkuno. Lamulo lomveka bwino. Ndalilemba pachikuto, ndalemba mzere kunsi.

Dzuwa litakwera, eee! Kabawi! Mchira wa mphanda, mapiko tambalale, kuchokera kumpoto kwenikweni. Mmodzi!

Patangopita kanthawi, wina. Awiri! Kenako atatu, anayi. A Shaba nawo atengeka, akukuwa "uyo, uyo!" ngati ali kumpira. Asanu. Asanu ndi mmodzi. Asanu ndi awiri! Katundu wayamba kufika!

Wachisanu ndi chitatu ndamuyang'anitsitsa ndi choonera patali. Phiko lakumanzere lili ndi mpata, nthenga imodzi palibe. Ndakumbuka kuti wachitatu analinso ndi mpata womwewo. Wachisanunso. Ndamutsatira osaphethira: wadutsa pamutu pathu, watsikira kudamu, wazungulira kuseri kwa phiri, wabwereranso kumpoto. Ndi yemweyo. Ali pa ulendo wake wa tsiku ndi tsiku woyendera makola a nkhuku.

A Shaba aseka mpaka kugwa pachitsa.

Ndafufuta asanu ndi awiri. Mmodziyo ndamusiya, ndaika kachizindikiro kafunso pambali. Labala watha theka.

Komabe lero ndatsimikiza zinthu ziwiri: maso anga ndi akuthwa, ndipo dongosolo langa limagwira wakuba. Kalaliki wongoyamba kumene akanatumiza eyiti ku Ulaya.

Maganizo obwera potsika: mbalame yomwe yauluka kuchokera kutali chotero imafika ndi njala. Ingaime bwanji pachitunda cha zitsa chopanda kanthu? Ngakhale madalaivala a malole amaima pomwe pali chipisi. Pakufunika chokopa.

Ndili nacho m'mutu. Sindiuza munthu.

Lachitatu

NyaShaba apita kuchigayo m'mamawa. Mwayi!

Ndabwereka (kubwereka, osati kuba) thadzi lawo lofiira ndi anapiye ake asanu ndi anayi. Thadzi limeneli analitenga kwa azakhali awo ku Manyamula, linabwera pa njinga, ndipo pakhomo pano limalemekezedwa kuposa ine. Ndalinyamula m'dengu lalikulu mpaka pachitunda.

Dongosolo:
1. kuvindikira dengu pansi, thadzi ndi ana m'kati
2. anapiye alire
3. mphamba zapaulendo zimve, zitsike pang'ono kudzaona
4. ine ndiwerenge
5. aliyense abwerere kwawo ali bwino

Palibe chomwe chingalakwike.

Anapiye sakulira. Agona. Ndagogoda dengu, alira pang'ono n'kugonanso.

Ndaganiza kuti mbalame yam'mwamba imadalira maso kuposa makutu. Ndatukula dengu kuti aoneke pang'ono chabe. Atuluka onse, mbalambanda pakati pa zitsa, akupalasa mosangalala. Ine ndakhala pakampando, choonera patali kumaso, kuyang'ana kumpoto monga mwa lamulo.

Wabwera kuchokera kummwera.

Ndangomva fwaa! kumbuyo kwa khutu, kenako thadzi kukuwa. Potembenuka, kabawi wa phiko la mpata uja ali kale m'mwamba, kanthu kamawangamawanga kali lende m'zikhadabo. Ndathamanga ndikugwedeza chipewa. Ndagwa pachitsa. Thadzi, posowa wolimbana naye, lalimbana ndi ine. Landijompha pamkono ndi pakhutu.

Kusonkhanitsa anapiye asanu ndi atatu pakati pa zitsa, wekha, thadzi likukuthamangitsa: ntchito imeneyi isadzapatsidwe kwa munthu wopuma pantchito.

Ndawabweza m'khola NyaShaba asanafike. Ndasesa mapazi. Ndasamba. Ndakhala pakhonde ndi wailesi ngati munthu wosadziwa kanthu.

Afika, atula ufa, angoponya diso kumodzi pabwalo.

"Adada ake Wezi, kamawanga kali kuti?"

Ndayankha kuti m'chilengedwe zinthu zimasamukasamuka.

"Nanga khutu lanulo lasamukira kuti?"

Ndiwo zamadzulo: nkhwani wopanda tomato, wopanda mchere wokwanira. Ndadya mwaulemu.

Zotsatira:
- mphamba za ku Ulaya: 0
- kabawi wakonkuno: 1, wokhuta
- anapiye: kuchotsapo 1

Mfundo yake inali yolondola. Chokopa chakopa. Cholakwika ndi mbali yomwe ndinayang'ana basi.

Lachinayi

Nkhani yafala. Kumjigo akuti ndikuweta akabawi. Ena akuti ndikuwaphunzitsa makomo. Mayi wina wandikuwira ndikudutsa: "Ndapota adada, wanuyo mumuuze kuti kwathu kulibe nkhuku!"

Ndamugwedezera chipewa. Ntchito yatsopano iliyonse imayamba ndi kunyozedwa.

Pachitunda utsi wokhawokha. Kwinakwake m'nkhalango moto wabuka, thambo lasanduka lotuwa ngati bulangete lakale. Ndikuona zitsa zinayi ndi a Shaba, omwe abweranso, lero opanda legeni koma ndi njala.

Chakumasana alendo: amuna atatu a makala ochokera kutsidya kwa damu. Akhala pansi mwaulemu, zipewa m'manja. Wamtali ndiye wolankhula.

"Yewo adada. Tamva kuti mukulemba maina a anthu olowa m'nkhalango."

Ndaseka. Ndawapatsa kabuku kuti adzionere okha. Wamtali uja wawerenga pang'onopang'ono, chala pamzere: khwangwala, wadutsa kulowera kudamu m'mawa, wabwerera masana atanyamula kanthu. Nkhope yagwa. Anzake ayamba kusuntha pomwe akhala.

A Shaba andinong'oneza kuti munthuyu dzina lake lomutchulira ndi Chaholi. M'Chitumbuka ndiye khwangwala. Ndipo Lolemba anadutsadi kulowera kudamu m'mawa, n'kubwerera masana ndi thumba pamutu.

Kufotokoza kwatenga nthawi yaitali. Ndajambula khwangwala pansi ndi kamtengo. Ndakupiza manja. Sizikumveka. Pomaliza ndawapatsa choonera patali kuti aone kuti chimaona mbalame basi.

Kulakwitsa kwakukulu! Utsi wayamba kuchepa, ndipo chaona zonse kupatula mbalame:
- mkazi wa mmodzi wa iwo akucheza pachitsime pomwe anati wapita kuchipatala
- ng'ombe za wina m'dimba la wina
- denga la tchalitchi lomwe lachita dzimbiri kuposa momwe tinkaganizira

Akulandirana ngati chipanda cha thobwa. Tsopano ndife abwenzi. Chaholi akuti ndikafuna makala ndingonena.

Kenako a Shaba atenga nawo. Aloza kumsewu. Aona njinga yawo, yomwe anaisiya kunyumba itatsamira nkhokwe, ikutsika mtunda ndi munthu wina pamwamba ndi thumba la chimanga kumbuyo.

"Njinga yane!"

Adumpha. Choonera patali chauluka, chagwa pachitsa, gwa! Iwo ali kale kumunsi kwa chitunda.

Galasi silinasweke, tithokoze. Koma tsopano chilichonse chikuoneka pawiri. Madamu awiri. Matchalitchi awiri. Kabawi wa phiko la mpata wadutsa ndi mnzake wofanana naye ndendende.

Yankho ndi losavuta: kuwerenga zonse, kugawa pawiri. Masamu ndimawatha. Ndayesa kwa kanthawi, mutu wayamba kuzungulira, mbatata yafuna kubwerera.

Mawa ku Boma. Tsiku limodzi lokha. Ndi utsi umenewu palibe mbalame yanzeru ingadutse.

Lachisanu

Njinga yamoto mpaka kumsewu waukulu, minibasi mpaka Mzimba. Ntchito ziwiri: kukonzetsa choonera patali, ndi kugula nkhuku yopepesera.

Pamsika ndalunjika kwa a Saidi, okonza mafoni, mawotchi ndi mawailesi. Kabenchi kawo kadzaza timisomali. Asuzumira, atseka diso limodzi, agwedeza pafupi ndi khutu. M'kati mukulira kanthu.

"Bwana, kagalasi kam'kati kachoka pamalo. Ndi kanthu kochepa. Ndikangobwera kumzikiti."

Ndaiwala kuti lero ndi Lachisanu. Andisiya pabenchi ngati mlonda. Anthu atatu andifunsa mtengo wa chaja. Mayi wina wandisiyira wailesi yoti ndiikonze, ndipo wandiuza kuti ndisamubere mabatire.

Pamwamba pa malo ogulitsira nyama akabawi akuzungulira, ambiri ndithu. Sindiwalemba. Awa ndi am'tauni.

Kum'mawa, cha ku Viphya, mitambo yada bii, mphezi zikung'anima. Wogulitsa anyezi akuti kwanu kukugwa mvula. Ndamuuza kuti imeneyo ndi yongoopseza, ndakhala kumeneko zaka zambiri, ndimaidziwa.

A Saidi abwera, atsegula, amata ndi guluu, atseka. Ndasuzumira: zinthu zasiya kuoneka pawiri! Chifukwa chake n'chakuti mbali yakumanzere mwada bii ngati m'botolo.

"Diso limodzi limakwana, bwana. Ambiri amaonera limodzi."

Ali ndi mfundo. Ndawathokoza.

Nkhuku: msoti woyera wa khosi losameta, wamaso aukali. Ndaunyamula pamiyendo ulendo wonse. Wandisiyira chizindikiro pathalauza.

Potsika njinga yamoto chakumadzulo, dothi lanyowa, fungo la mvula yoyamba lili ponseponse. Pansi mapiko a inswa mbuu, ngati wina wakhuthula mankhusu njira yonse. Ana ndi akulu ali ndi mabeseni.

A Shaba andithamangira, njinga ali nayo m'manja (anaitenga ndi mwana wa mchimwene wawo, nkhani yatha).

"Mlamu! Munali kuti? Zabwera! Zinandi chomene! Kumwamba kunada!"

Mvula itangokata masana, inswa zatuluka m'zulu zonse za pachitunda changa. Ndiye kunabwera timphamba ting'onoting'ono, gulu lalikulu, kuchokera kuseri kwa phiri. Tazungulira pamwamba pa zitsa, pamwamba pa malo enieni omwe ndimaika kampando, tikudya inswa. Kenako tapita.

Mudzi wonse waona. A makala aona. Mayi wondikuwira uja waona.

Ine ndinali kulondera machaja.

Ndapereka msoti kwa NyaShaba ndi manja awiri. Auyang'ana kumutu mpaka kumapazi. "Uyu ndi tambala."

Loweruka

Sindigwa mphwayi. Gulu lalikulu chotero limakhala ndi otsalira m'mbuyo: okalamba, olema, ochedwa kudzuka. Amenewo ndi anga.

Poyamba, umboni wa dzulo. Kalaliki akaphonya lole amafunsa omwe anali pageti. Ndayenda khomo ndi khomo ndi kabuku. Funso: zinali zingati?
- a Shaba: "Ngati anthu pamsika wa Jenda." Nditawapanikiza: "Kuwonjezapo a pamaliro a mfumu."
- Chaholi: "Kuposa masauzande." Masauzande angati? "Onse."
- mayi wa kumjigo: sanawerenge, anali kuthamangitsira nkhuku zake m'nyumba, ndipo akuti mlandu ukanakhala wanga
- mkulu wa mpingo: akuti zoterezi n'zosawerengeka, tingoyamika

Funso lachiwiri: zinachokera mbali iti? Anthu anayi, zala zinayi, mbali zinayi.

Ndakwera pachitunda. Nkhungu! Ya ku Viphya yeniyeni, yonyowetsa nsidze. Sindikuona damu, sindikuona zitsa, phazi langa lomwe ndikuliona mwa apo ndi apo. Choonera patali cha diso limodzi chikuonetsa zoyera. Diso linalo zakuda.

Ndakhala. Kwinakwake pamwamba kanthu kalira, kii-kii-kii, kadutsa. Kenanso. Ndagwira pensulo. Kodi mawu amalembedwa? Mbalame imodzi yolira kawiri, kapena ziwiri zolira kamodzikamodzi? Pepala lanyowa, pensulo ikungong'amba.

Mapazi m'nkhungu. Ndi NyaShaba, jekete langa lakumacheka pamkono, fulasiki m'manja. Ndinaiwala zonse ziwiri. Akhala pachitsa chapafupi. Sitinalankhulane bwinobwino chichokere Lachitatu.

Tamwa tiyi. Kenako ayamba okha, osandiyang'ana.

Akuti anali kuanula ufa pamphasa mvula itayamba, ndiye itakata anatuluka kukaona ngati pali chotsala panja. Atakweza maso anangoima. Timbalame totuwa, tochepa ngati nkhunda koma mapiko akuthwa, timiyendo tofiira. Sitikupiza kwambiri, timangotsetsereka. Kakagwira inswa ndi phazi, kamaweramitsa mutu n'kudyera m'mwamba momwemo, osatera. Tina pansipansi mpaka kumva mphepo yake, tina kutali ngati timadontho. Phokoso ayi. Akuti anaima pabwalo mpaka khosi kuwawa, beseni lili m'manja, inswa osatola ngakhale imodzi.

"Ndinakuwa dzina lanu kawiri, ndisanakumbuke kuti mwapita ku Boma."

Ndafunsa mwaulemu ngati angayerekeze nambala.

"Adada ake Wezi, imwani tiyi."

Ndamwa.

Potsika andigwira mkono chifukwa njira ikuterera. Iwo akuti ndi ine ndimaterera. Akutinso mvula yalowa pansi mokwanira, mbewu ili m'nyumba, ndipo kampando kapume kaye.

Lamulungu

Kutchalitchi anthu akundipatsa moni wachifundo, ngati wobwera kuchipatala. Mkulu wa mpingo wandigwira dzanja nthawi yaitali.

Lipoti lomaliza, lolembedwa bwino ndi inki:
- mphamba zapaulendo zoonedwa ndi kalaliki: 0
- zoonedwa ndi ena onse: zambiri
- zomveka m'nkhungu: ziwiri, kapena imodzi
- kabawi wakonkuno: 1, tikudziwana
- choonera patali: theka
- khutu: likupola
- tambala: walira m'bandakucha, ndi tambaladi

Wezi waimba masana. Ndaima pachulu cha kuseri kwa khitchini pomwe netiweki imagwira, ndakonza kukhosi, ndayamba kuwerenga lipoti monga mwa ndondomeko. Ndafika pa Lachitatu. Kumbali inayo zii. Ndimayesa foni yaduka. Ayi, mwana akuseka mpaka mawu osatuluka.

"Adadi, bwerezani za thadzi. Dikirani ndiitane anzanga."

Ndabwereza. Ndabwerezanso za Chaholi. Za a Saidi wandiuza kuti ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa akumasulira. Anthu omwe sindikuwadziwa akuseka m'nyumba ina ku Ulaya. NyaShaba aima pansi pa chulu akudikira foni, akuwonjezera zomwe ndadumpha, makamaka zomwe ndadumpha dala.

Za timphamba totuwa afotokoza ndi iwo. Wezi akuti mwina si zawo n'komwe, zoterozo zina zimachokera mbali ina ya dziko, kutali kuposa kwawoko. Ndiye kuti katundu yemwe ndamuphonya sanalinso wanga. Wanga sindikudziwa kuti ali pati.

Nambala sanafunse. Batire yathera m'manja mwanga.

Kabuku ndaika m'sutikesi. Kampando kabwerera kukhitchini. Choonera patali a Shaba abwereka, akuti akufuna kuonera njinga yawo ali kudimba.

Mawa kumunda. NyaShaba kutsogolo ndi khasu, ine pambuyo ndi kambale ka mbewu, mutu pansi. Akuti phando lililonse njere imodzi, ndipo kuwerenga kumeneko andisiyira ine.

Chabwino. Chimanga sichiuluka.